Tsiku Limene Sakhwi Sanasese

Sanachoke! Ndiyambire kumathero komweko, anzanga, chifukwa zikundiyabwa pakamwa: Sakhwi sanathamangitsidwe, malo ake sanalandidwe, ndipo amene ankafuna kumulanda uja ndi amene anamaliza atagwira tsache. Mwandida, usandifunse kuti ndathamangiranji chonchi, ndikuuza ndikamaliza. Tinenenji, sendera kuno. Ndili ndi nkhani ina yokoma koposa, koma imeneyo singamveke musanamve nthanoyi. Ine ndikati padangokhala, inu muvomere kuti muli nane, kenako osandidulanso!

Padangokhala, padangotero, kalekale nyama zikadali ndi mabwalo a milandu ngati anthu.

Kumpoto kwenikweni, kumtunda kozizira kumene kulibe mudzi wa munthu ngakhale umodzi, kunkakhala Sakhwi. Sakhwi mumamudziwa: kanyama konga mbewa, kamphuno kotalika ngati kachitamba, miyendo yakumbuyo italiitali. Iyeyu sanabadwire kumeneko ayi. Anachokera kuchigwa, kumene anali ndi nkhokwe, mphasa, mbiya, ndi nkhawa zonse zosungira zinthu zimenezo. Anankafumbwe akudya uku, mbava zikusuzumira uku, iye kuwonda. Tsiku lina anangodzifunsa kuti, “Kodi ine ndine mwini wa katunduyu, kapena mlonda wake?” Basi, anagawa zonse, anatola tsache lokha, ulendo wa kumpoto.

Kumtundako sanamange kanthu. Anapeza thanthwe lopendekeka, kunsi kwake kouma, nati pano pakwana. Ntchito yake inali imodzi yokha: kusesa. M’mawa uliwonse, mame asanaume, ankasesa kabwalo patsogolo pa thanthwelo, kenako tinjira take tolowa m’maudzu, kena kopita kukasupe, kena kuchulu, kena kongozungulira. Kachitsotso kakagwerapo, psa! wakachotsa. Ndipo posesa ankayimba. Nyimbo yake inali yongothokoza basi. Ankathokoza mame pomusambitsa mapazi asanapemphe, thanthwe pomusungira kutentha kwa dzulo, nyerere pobwera zokha, ndi mphepo pomukumbutsa kuti akadali moyo. Akatchula chimodzi, tsache linkavomera, tswa, tswa, ngati mnzake woyimba naye.

Amene ankacheza naye anali Fulu, mkulu wa masiku, wosathamangira kanthu.

“Achimwene, inu simusungulumwa kuno?” Fulu ankafunsa.

“Ndisungulumwe nthawi yanji, a Fulu? Taonani mamewa. Ndani wawatunga? Mwaona wina atasenza mtsuko? Koma udzu uliwonse wamwa, palibe walumphidwa. Ine ndikayamba kuganiza zimenezi, ndimangoona dzuwa lapendeka.”

“Ine ndimangoona kuti amandinyowetsa pamimba,” anatero Fulu. “N’chifukwa chake ndimadzera njira yanuyi.”

Tsono dziko limenelo linali ndi eni ake. Mfumukazi anali Ntchefu, mayi wofatsa, wokonda kuseka, woweruza milandu uku akubzikula. Nduna yoyang’anira nthaka anali Nguluwe. Msilikali woitana anthu kubwalo anali Khwangwala, uja wa kolala yoyera, wosaivula ngakhale posamba. Ndipo panali lamulo lakale lakuti munthu sakumba pakhomo pa mnzake.

Vuto linayambira pamphuno ya Nguluwe. Tsiku lina akudutsa pafupi ndi thanthwe lija ananunkhiza, nanunkhizanso, malovu chuchuchu. Pansi pa malo a Sakhwi panali chinaka, timbatata ta m’tchire tija, tonenepa kuposa kwina kulikonse. Akumbe bwanji, lamulo lilipo? Anapita kwa mfumukazi.

“Gogo Chalo, kaujeni ka mphuno kaja si ka kuno. N’kodutsa. Nyumba kalibe. Wodutsa angatseke nthaka ya mfumu? Chisanu chisanagwe, katsike kwawo.”

“A Nduna,” anatero Ntchefu, “za mphuno zisiyeni, yanunso si yochepa. A Khwangwala, kamuitaneni.”

Sakhwi anafika, anagwada, nawomba m’manja.

“Mwana wanga, akuti ulibe nyumba.”

“Gogo Chalo, bwerani mawa mudzaone nokha.”

“Chabwino. Ikapezeka, ukhala. Ikapanda kupezeka, utenga tsache lako utsike.”

Sakhwi anavomera akumwetulira, koma mumtima ankadzifunsa: Kutsika? Kusiya thanthwe, kasupe, tinjira take, n’kubwerera kokalondera mbiya? Ayi ndithu.

Kutacha anasesa kuposa masiku onse, nyimbo ili pakamwa, tsache likuvomera. Kabwalo kaja anakasesa mokhotetsa mizere, monga amachitira amayi akamayembekeza apongozi. Atamaliza anakabisala m’maudzu, phee.

Alendo aja akubwera: Nguluwe patsogolo, Ntchefu pambuyo, Khwangwala m’mwamba. Nguluwe akungolankhula njira yonse.

“Mukuona, Gogo Chalo? Tchire. Uku tchire, uku tchire. Denga lili kuti? Khoma lili kuti? Ine ndinanena kale kuti…”

Anafika m’mphepete mwa posesa paja. Phazi linakwera, koma kutsika ayi. Linangoima m’malere! Paja Nguluwe analeredwa ndi amayi okhwima, omwe ankamukoka khutu akaponda pabwalo losesa ali duu ngati wakuba. Anayang’ana uku, palibe munthu. Anayang’ana uku, zii.

“A Nduna, tiyeni, mwatseka njira,” anatero Ntchefu kumbuyo.

Nguluwe anatsokomola. Anayesa kuponda, phazi lakana. Anayesanso, khutu lija lakumbuka. Kenako pakamwa panangotseguka pokha:

“Odi!”

“Odini! Fikani, fikani alendo!” Sakhwi balamanthu, akuwomba m’manja. “Pepani, ndinali kuseri. Mwayenda bwanji, a Nduna?”

Khwangwala anaseka mpaka kutsala pang’ono kugwa m’mwamba. Ntchefu anasiya kubzikula.

“A Nduna, kodi inu mumachita odi patchire?”

“Zangotuluka zokha, Gogo Chalo.”

“Zatuluka pamaso pa mboni. Pamene mwachita odi, ndipo mwini wayankha, pamenepo ndi pakhomo.”

Nguluwe anakumba pansi ndi chiboda, koma sanagonje.

“Chabwino, nyumba ilipo. Nanga nkhokwe? Munthu wopanda nkhokwe, chisanu chikagwa, adzayamba kupempha. Akatopa kupempha, adzayamba kuba.”

Ntchefu anapumira m’mwamba. “Funso lake ndi lomveka, mwana wanga. Mawa utionetse nkhokwe.”

Atachoka, Fulu anasuzumira m’maudzu, khosi tong’o.

“Achimwene, nkhokwe muitenga kuti? Si ija munagawa?”

“Ndibwereka mphuno ya munthu, a Fulu.”

“Yanuyo yatani?”

“Yanga ndi yonunkhizira. Ndikufuna yolimira.”

Mmene zinalili, kumalire a malo ake kunali nthaka yolimba gwa, yomwe Sakhwi ankaisirira kuyambira kale. Ankamva mphutsi ndi chiswe zikuyenda pansi pake, koma timanja take sitinkatha kuboola. M’mawa mwake anasesa, anayimba, tsache linavomera. Kenako anajambula chizungulire panthakapo ndi mpini wa tsache, naika kamwala kaphwatalala pakati.

Alendo anafika. Ulendo uno Nguluwe anazungulira kutali, kuopa kuponda posesa.

“Nkhokwe ili kuti, iwe?”

“Nayi apa, a Nduna. Yanga ndi yapansi. Kuno mphepo imagwetsa zapamwamba.” Sakhwi anagwira msana, nkhope atakwinya. “Koma chitseko chake n’cholemera, ndipo manja anga mukuwaona nokha. Gogo Chalo, bwanji mungokhulupirira mawu anga?”

“Tikhulupirire?” Nguluwe anakuwa. “Mwamva? Akuti tikhulupirire!”

“Nanga titani, a Nduna? Lamulo likuletsa kukumba pakhomo pa munthu. Pokhapokha mwini atapempha. Koma ine ndingatume nduna yathunthu? Ndingayambire pati?”

Maso a Nguluwe anawala. Mumtima anati: ndikumba, chinaka chilichonse chotuluka ndimeza msangamsanga, mfumu ipeze dothi lokha. Kudya ndidya, mlandu ndipambana.

“Tapempha, iwe. Pempha msanga!”

“A Nduna, chonde, nditsegulireni nkhokwe.”

Eee, anzanga, mukanaona! Mphuno pansi, dothi m’mwamba. Chinaka chikatuluka, kwapu! m’kamwa. China, kwapu! China, kwapu! Koma chinali chambiri kuposa mmene ankaganizira, kummero kunachepa, masaya anatupa uku ndi uku. Ndipo kumbuyo kwake, m’dothi lotembenuzidwa lija, mphutsi, chiswe, nyongolotsi, zili yakaliyakali. Sakhwi akungotola, akuthokoza, akutola.

“A Nduna, mwapezamo chiyani?” anafunsa Ntchefu.

“Mmm.”

“Mwati?”

“Mmm-mm.”

“Musawafunse akudya, Gogo Chalo, angatsamwe,” anatero Sakhwi. Anathamanga kukasupe, nabwera ndi madzi patsamba. “Pepani a Nduna, osamba m’manja achedwa. Munafulumira ndinu.”

Nguluwe anameza movutikira, misozi ili lengelenge, namwa madziwo. Ndipo khutu lija linakumbukanso! Munthu wadya, wamwa, anyamuke ali duu?

“Zikomo,” anatero, mawu ali pansipansi.

“Zikomo ndinu potsegula,” anayankha Sakhwi, ndipo apa sankaseka. Ankathokozadi, chifukwa chifikireni kumtunda anali asanakhutepo chomwecho.

Ntchefu anapukusa mutu, mapewa akugwedezeka ndi phwete. “A Nduna, mwadya, mwamwa, mwathokoza. Nkhokwe imene mwakhuta nayo, ine ndinene bwanji kuti kulibe?”

Apa tsono Nguluwe sanakuwe. Anapukuta pakamwa, nalankhula mofatsa, ndipo kufatsa kumeneko kunaopsa kuposa kukuwa.

“Nyumba ali nayo. Nkhokwe ali nayo. Nanga anthu? Akadwala, adzamuzonda ndani? Akafa, adzamuika ndani? Mbale wake ndani kuno? Amadzuka yekha, amadya yekha, amayimbira miyala. Munthu wopanda mwini, Gogo Chalo, sitinasungepo.”

Ntchefu anayang’ana Sakhwi nthawi yaitali, kuseka konse kutatha.

“Apa a Nduna anena zoona, mwana wanga. Kuzizira kwa kuno si kwa munthu mmodzi. Ndikakusiya, tsiku lina tidzakupeza utauma pansi pa thanthwe, ndipo manyazi adzakhala anga. Mawa dzuwa likafika pamutu ndibwera. Ndidzapeze anthu ako pabwalo pano. Koma usaitane aliyense, usatume aliyense, usalonjeze aliyense kanthu. Obwera chifukwa choitanidwa si abale. A Khwangwala, mukhale pathanthwepa, mumuyang’anire.”

Anachoka. Sakhwi anatsala ataima, tsache lili m’manja, nzeru zonse zitabalalika. Abale ake anali kuchigwa. Fulu? Fulu anali atapita kale, ndipo kumuitana n’koletsedwa. Anati basi, ndikatsanzike. Anayenda m’tinjira take pang’onopang’ono dzuwa likupendeka. Anamwa kukasupe nati zikomo. Anagwira chulu nati zikomo. Anayesa kuyimba, mawu anakana.

Pobwerera anayang’ana pansi. M’fumbi la njira imene anasesa m’mawa munali mapazi. Sichinali chachilendo, mapazi ankawapeza tsiku lililonse, ndipo ankangowasesa, nthawi zina akudandaula kuti anthu awononga mizere yake. Koma lero anawerama. Tizikhadabo ta anapiye, mzere wautali. Mkwekwe wa pamimba pa Fulu. Ziboda za gwape. Ndi tiziboda tina ting’onoting’ono, togawanika pakati, tambirimbiri.

Sakhwi anakhala pansi. Kamphuno kanayamba kugwedezeka.

“Ukusekerera chiyani, iwe?” anafunsa Khwangwala pamwamba pa thanthwe.

“Palibe, a Msilikali. Ndatopa basi.”

Anatsamiritsa tsache pathanthwe, nalowa kunsi. Koma mtima sunakhale pansi. Mwina eni mapazi aja amangokonda njira, osati wosesa wake. Mwina sadziwa n’komwe kuti pali wosesa.

Kunacha. Sakhwi sanadzuke.

Mame anagwa, udzu unaweramira m’njira. Mphepo inabweretsa masamba, inawamwaza pabwalo. Timanja ta Sakhwi tinkayabwa, tinkafuna tsache, koma anatipanira m’khwapa, natembenukira kukhoma la thanthwe. Nyimbo inafika pakhosi, anaimeza. Anzanga, pa mayeso onse aja, ovuta kwambiri anali amenewa: kungogona, osachita kanthu.

“Iwe! Kwacha! Susesa lero?” anatero Khwangwala.

“Mfumu yaletsa kuitana, a Msilikali. Sinalamule kusesa.”

Inu mukudziwa mmene zimakhalira ngakhale kwathu kuno. Dzuwa likakwera, pakhomo pa munthu pali posasesa, oyandikana naye safunsa zambiri. Amadziwa kuti m’nyumbamo simuli bwino.

Woyamba anali Mai Nkhwali, akutsogolera anapiye ake kukasupe. Analowa m’kanjira, udzu wonyowa thapsa! kumaso. Anapiye ananyowa, anayamba kulira. Mai Nkhwali anaima, anapendeketsa mutu, namvetsera.

“Anthuni, nyimbo ija ili kuti?”

Anathamangira kuthanthwe. Masamba ali mbwee pabwalo, tsache lili chiimire.

“Odi! Odi kuno! A Sakhwi! Mwadzuka bwanji?”

Zii.

Anasuzumira, anaona kamsana kali chigonere. Mayo! Mawu a nkhwali mumawadziwa, safuna ng’oma. Anakwera pachulu, nalengeza dziko lonse limve: “Kwa a Sakhwi sikunasesedwe! Kwa a Sakhwi sikunasesedwe!”

Khwangwala anakonza kolala yake. “Ine ndaona,” anadziuza yekha. “Mwini wake sanatsegule pakamwa.”

Ndiye anayamba kufika. Gwape anabwera ndi masamba a mankhwala kukamwa. Nungu anabwera atakwapatira nkhuni. Zinziri zinabwera ndi tinjere, mbewa ndi udzu wouma wofunda. Aliyense pofika, odi, n’kukhala pansi mwakachetechete monga amachitira pamatenda. Kenako Fulu, wefuwefu, thukuta kamukamu, amene ananyamuka kusanayere bwino atangoona kuti kukucha kopanda nyimbo. Moyo wake wonse anali asanathamangepo chomwecho.

“Ali moyo?” anafunsa. “Ndiuzeni zoona, ali moyo?”

“Akupuma,” anatero Gwape. “Koma sakuyankha.”

Anakhala, nayamba kukambirana motsitsa mawu. Sakhwi kunsi kwa thanthwe akumva zonse.

“Ana anga onse anaphunzirira kuyenda panjira yake,” anatero Mai Nkhwali. “M’maudzu amagwa.”

“Ine mphamba atanditsata chaka chatha, ndinapulumukira momwemo,” inatero mbewa ina. “Mukanakhala kachitsotso kamodzi kondipunthwitsa, bwenzi lero kulibe ine.”

“Ine ndimagona nyimbo yake ikayamba,” anatero Nungu, paja iye amayenda anzake akugona. “Ndikaimva ndimadziwa kuti ndafika bwino. Lero ndangokhala maso tong’o.”

“Munamuuzapo?” anafunsa Fulu.

“Ayi. Inu munamuuzapo?”

“Ine ndinangomuuza za pamimba panga.”

Sakhwi anaganiza kuti watchera msampha, koma wogwidwa anali iye. Misozi inayamba kutsika, kudutsa kamphuno konse kaja mpaka kunsonga, dontho, dontho. Imeneyi sinali ya chinyengo ayi.

Dzuwa linafika pamutu. Ntchefu ndi Nguluwe anatulukira. Pabwalo posaponda, anthu ali thithithi mpaka m’maudzu.

“Wawaitana!” anakuwa Nguluwe. “Waphwanya lamulo!”

“Sanaitane munthu,” anatero Khwangwala. “Sanatume, sanalonjeze. Ndakhala pano chikhalire, mpaka miyendo yachita dzanzi.”

“Ndiye wawanyenga! Awa si anthu ake, awa ndi…”

“Odi! Tapatukani apo, bambo a Mizere, phala likuzizira.”

Nguluwe anatembenuka. Kumbuyo kwake kunali akazi ake enieni, chipanda cha phala chili pamutu, ana ali m’mbuyo mndandanda.

“Mai a Mizere! Inu mukudzatani kuno?”

“Ndikudzatani? Munthu wadwala, mukundifunsa kuti ndikudzatani? Ana anuwa amapita kukasupe podzera pati? Mumayesa njira imadzisesa yokha? Lero abwerako ali nyowe, Mizere akuyetsemula mpaka pano.”

“Koma ine ndi amene ndikuzenga…”

“Mukuzenga chiyani? Dzulo munabwera mimba ili tantha, chakudya changa osachiyang’ana n’komwe. Munadya kwa yani?”

Nguluwe anayang’ana kumwamba ngati kuli chinthu chofunika kwambiri. Ntchefu anatsokomola kuti abise kuseka, kenako anaitana.

“Sakhwi, mwana wanga, tuluka.”

Sakhwi anatuluka. Wathanzi, wosatsimphina, maso okha ofiira.

“Haa!” anatero Mai Nkhwali. “Simukudwala?”

“Sindikudwala, amayi.”

Jo! anamujompha pamutu. “Ine kukuwa mpaka kusasa mawu!” Jo! “Ana anga kunyowa!” Jo! “A Fulu kuthamanga, pa msinkhu wawo!”

Sakhwi sanathawe. Anagwada pakati pa bwalo, nawomba m’manja kumbali zonse.

“Jomphani, amayi, ndalakwa. Sindinanene kuti ndadwala, koma ndinkadziwa chimene mudzaganize. Mfumu inati ndionetse anthu anga, apo ayi nditsike. Ine sindinkadziwa ngati ndili nawo. Tsiku lililonse ndinkathokoza mame, thanthwe, nyerere, mphepo. Inu ndinkangosesa mapazi anu. Pepani. Ndipo zikomo. Zikomo kwambiri.”

Mai Nkhwali anatsegula mlomo kuti ajomphenso, koma anangomukonza ubweya pamene anajompha paja.

“Mukadzabwerezanso, ndidzabwera ndi abale anga onse,” anatero.

“Phala lija lisabwerere,” anatero Fulu. “Wodwala weniweni pano ndine.”

Anthu anaseka, ndipo Ntchefu anaimirira bwinobwino.

“A Nduna, munafunsa kuti akadwala adzamuzonda ndani. Tayang’anani. Yambirani kwa amene asenza phalawo. Sakhwi ndi wa kuno. Akhala pathanthwe pano mpaka atatopa yekha, ndipo nkhani imeneyi isadzabwerenso kubwalo kwanga.”

Nthungululu! Zinziri kudumpha, Gwape kuvina, Khwangwala mpaka kumasula kolala pang’ono. Nguluwe anati azembe mwakachetechete, koma akazi ake anali atatula kale chipanda. Anatenga tsache pathanthwe paja, namupatsira m’manja.

“Pakhomo pa munthu pakhale chonchi chifukwa cha inu? Sesani.”

“Ine? Nduna?”

“Nduna yomweyo. Yambirani uko.”

Nguluwe anasesa. Koma kusesa kwake! Fumbi kobo, masamba kubwerera komwe achoka, anthu kutsokomola. Sakhwi anaona kuti munthuyu akusowa poyambira, ndiye anayambitsa nyimbo ija kuti tsache lipeze mayendedwe. Anathokoza mame, tsache linavomera, tswa. Anathokoza thanthwe, tswa. Nyerere, mphepo, tswa, tswa. Pamene nyimbo inkathera masiku onse, iye sanaime. Anapitiriza. Anathokoza Mai Nkhwali chifukwa cha mawu osafuna ng’oma, Fulu chifukwa cha liwiro la tsiku limodzi, Gwape, Nungu, zinziri, mbewa, aliyense ndi dzina lake, ndipo aliyense akatchulidwa, gulu lonse linkavomera pamodzi ndi tsache. Anathokoza mfumu yoseka. Anathokoza mai a Mizere ndi phala lawo. Pomaliza penipeni anathokoza mphuno imene inamutsegulira nkhokwe, ndi pakamwa pamene panafunsa funso lomwe iye sakanadzifunsa yekha.

Tsache linaima. Nguluwe anapukuta m’maso.

“Ndi fumbi,” anatero.

“Ndi fumbi ndithu, a Nduna,” anavomera Sakhwi. Kenako anasendera pafupi. “Chinaka chija ine sindidya. Mvula ikagwa, muzibwera kudzanditsegulira nkhokwe. Zikuluzikulu muzidya, ting’onoting’ono muzikwirira kuti tidzaberekenso. Ine ndizitola zanga kumbuyo kwanu.”

Nguluwe anamuyang’ana, kukamwa kuli yasa. “Ukanandiuza zimenezi poyamba paja, iwe.”

“Munafunsa?”

Kuyambira pamenepo, mvula yoyamba ikagwa, Nguluwe amafika m’mphepete mwa bwalo lija, amaima, ndipo odi wake amamveka mpaka kukasupe. Odiyo satulukanso yekha ngati poyamba paja, amachita kumutulutsa mwini wake mwadala. Chisanu chikagwa, Nungu amasiya nkhuni pakhomo, mbewa zimabweretsa udzu wofunda, ndipo Sakhwi akapeza mapazi m’njira, amayamba wawawerenga kuti ndi a yani, kenako n’kusesa.

Nthano yanga ndaisesa mpaka kumalire, tsache ndatsamiritsa pakhoma.

Tsono nkhani ija! Mwandida, Tinenenji, Ndaona, tamverani. Kuseri kwa dimba lathu, pafupi ndi mpanda wa khonje, ndapeza kanjira. Kang’onong’ono, zala ziwiri m’lifupi, koyera mbee ngati wina wadutsapo ndi tsache! Lero m’mawa popita kusukulu ndinaikapo tsamba la mango. Titaweruka ndathamanga osaima, ndapeza tsamba lija lakankhidwira pambali! Ndaikapo kachitsotso, ndabisala kuseri kwa nthochi. Posakhalitsa, kamphuno! Kakugwedezeka, kakununkhiza, kenako psa! kachitsotso uko, mwini wake zii m’maudzu. Ndinafuna kukuwa, ndinachita kudziluma chala. Afika mpaka kuno, anzanga, adzukulu ake afika mpaka kwathu!

Mawa mubwere m’mamawa, mame asanaume, mudzaone nokha. Aliyense atenge tsamba lake. Ndaona, nsapato zako zolira zija uzisiye kunyumba. Ndipo tikafika pakanjirapo, chonde, tonse tidzayambe tachita odi.